Amisiri a kachipangizo komva kunong'ona kwa foni

Munthu akaimba foni ali kumunda, kutali ndi nsanja ya netiweki, mawu ake amachoka m'foni atanyamulidwa ndi mafunde a wailesi. Pa GSM ya 900 MHz, mafundewo amagwedezeka pafupifupi ka 900 miliyoni pa sekondi imodzi. Akamafika pamwamba pa nsanja amakhala atafookeratu. Malamulo a GSM amafuna kuti nsanja izimvabe mafunde otsika mpaka pa -104 dBm, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 25 thiriliyoni a watt imodzi. Pali anthu amene amatha moyo wawo wonse pa ntchito yoti kunong'ona kotereku kusatayike, ndipo ambiri mwa ife sitinamvepo za iwo.

Chimene amapanga ndi kachipangizo kotchedwa mixer, kachip kakang'ono kuposa chikhadabo, nthawi zambiri kotalika mamilimita anayi kapena asanu mbali iliyonse. Amene anachunapo gitala amvetsa msanga ntchito yake. Nsambo ziwiri zikatsala pang'ono kufanana mawu, ukazikhudza pamodzi umamva kugunda kwapang'onopang'ono, kumene kuli kusiyana kwa ziwirizo. Mixer imachita zomwezo mwadala. Imalandira mafunde ochokera ku foni, tinene a 900 MHz, n'kuwasakaniza ndi ena opangidwa m'bokosi momwemo, tinene a 700 MHz. Potuluka pamakhala 1,600 MHz ndi 200 MHz. Sefa imataya okwerawo n'kusunga 200 MHz, ndipo uthenga wonse umakhala udakali m'menemo, koma tsopano pa liwiro limene zipangizo zotsatira zingathe kuukulitsa, kuusefa ndi kuusandutsa manambala. Nzeruyi ndi yakale. Reginald Fessenden anaiyamba mu 1901, ndipo Edwin Armstrong anaikhwimitsa mu 1918 ali ku France pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu 1968 Barrie Gilbert, Mngelezi wobadwira ku Bournemouth amene ankagwira ntchito ku kampani ya Tektronix m'chigawo cha Oregon, anafalitsa kalumikizidwe ka matransista kamene mpaka lero amisiri amakatchula ndi dzina lake. Anamwalira mu 2020 atagwira ntchito zaka zambiri ku Analog Devices.

Ngati nzeruyo ndi yakale chonchi, nanga ntchito imavuta pati? Imavuta chifukwa nsanja simva munthu mmodzi. Pamene ikumvetsera wa kumunda uja, wina waima m'munsi mwa nsanja momwemo akuimba, ndipo mafunde ake ndi amphamvu kuwirikiza mamiliyoni. Pambali pake pali tinyanga ta kampani ina, ndipo nsanjayo payokha ikutulutsa mawatt makumi angapo. Zili ngati kuuzidwa kuti umve mwana akunong'ona kuseri kwa nyumba iwe utaima m'chigayo chikulira. Mixer yosapangidwa bwino ikalandira mafunde awiri amphamvu imabereka mafunde ena abodza, ndipo abodzawo amatha kugwera ndendende pamene pali mawu a munthu wakutaliyo. Foni imaduka, mwini wake n'kumati netiweki yavuta.

Apa ndiye pagona luso la injiniya wolemba mapulani a chip. Tsiku lililonse amalimbana ndi miyezo iwiri yokokana. Woyamba amautcha noise figure, kutanthauza phokoso limene kachipangizoko kamawonjezera pakokha. Wachiwiri amautcha IIP3, muyezo wa mmene kamapiririra mafunde amphamvu osabereka abodza aja. Ukakonza uwu, uwo umaipa. Ukafuna zonse ziwiri, uyenera kuwonjezera magetsi, ndipo magetsi ambiri amatenthetsa bokosi limene lili padzuwa pamwamba pa nsanja. Asankhenso mtundu wa mixer, kaya yokulitsa mafunde ngati ya Gilbert, kaya yongotsegula ndi kutseka, imene imataya mphamvu pang'ono koma imapirira kwambiri. Asankhenso chopangira, kaya silicon wosakaniza ndi germanium, kaya gallium arsenide. Palibe yankho limodzi lolondola, ndipo n'chifukwa chake m'ntchito imeneyi munthu wa imvi amalemekezedwa. Mapulogalamu a kompyuta monga a Cadence ndi Keysight amathandiza kuyerekezera, koma sauza munthu zonse. Pa liwiro la mafunde amenewa kawaya kalikonse kamasanduka kanyanga, ndipo tiwaya tiwiri toyandikana timauzana zinthu popanda kukhudzana.

N'chifukwa chake ndimaona kuti wojambula malo a tizipangizo pa chip salemekezedwa mokwanira. Iye ndi amene amaika transista iliyonse pamalo pake, kuonetsetsa kuti mbali ya kumanzere ikufanana ndi ya kumanja mpaka pa kachigawo ka mikromita. Akaphonyetsa pang'ono, mafunde a 700 MHz aja amadontha n'kubwerera ku kanyanga, zaka ziwiri za anzake n'kupita pachabe.

Mapulani akatha amatumizidwa ku fakitale, tsiku limene amisiri amalitcha tape-out, dzina lotsalira kuyambira masiku amene mapulani ankapita pa tepi. Kenako ndi kudikira miyezi ingapo. Tichip toyamba tikabwera, ntchito imasamukira m'labotale, kwa mainjiniya oyeza. Iwo amakhala pa benchi ndi makina oonetsa mafunde, n'kumayeza kachip kamodzi pa mafunde osiyanasiyana, pa magetsi otsika ndi okwera, m'bokosi lozizira mpaka madigiri 40 pansi pa ziro, kenako lotentha mpaka madigiri 85 kapena kupitirira. Nthawi zina vuto limene alisaka milungu itatu limapezeka kuti linali nati ya chingwe yosamanga bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wosadekha sakhalitsa pa benchi imeneyi. Chikapezeka cholakwika m'chip mwenimweni, mapulani amakonzedwanso, ndalama zambiri n'kulowanso, miyezi ina n'kudutsa.

M'fakitale muli ogwira ntchito ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi, chifukwa kafumbi kamodzi kamapha chip. Kudula, kukutira ndi kuyeza komaliza kumachitika kawirikawiri ku Penang m'dziko la Malaysia kapena ku Philippines, kumene anthu masauzande amagwira mosinthana usiku ndi usana. Palinso mainjiniya olemba datasheet, chikalata chofotokoza miyezo ya chip, ndi kuyankha mafunso a ogula, amene ndi makampani opanga mawailesi a nsanja monga Ericsson, Nokia, Huawei ndi ZTE.

Makampani opanga tichip timeneti akucheperachepera. Analog Devices inagula Hittite mu 2014, Linear Technology mu 2017 ndi Maxim mu 2021, ndipo onse atatuwa anali odziwika pa ma mixer. RFMD ndi TriQuint anaphatikizana mu 2015 n'kukhala Qorvo. Ntchito nayonso ikusintha, chifukwa m'mawailesi a 4G ndi 5G mixer nthawi zambiri imalowetsedwa m'chip chimodzi chachikulu pamodzi ndi zina zonse, ndipo ena amasandutsa mafunde kukhala manambala asanawatsitse n'komwe. Koma vuto la chigayo ndi mwana wonong'ona silinachoke. Langosamukira m'kati.

Kuno kwathu timakumana ndi ntchito imeneyi kumapeto kwake. Anyamata ndi atsikana amene amakwera nsanja za TNM, kapena za Airtel zimene kampani ya Helios Towers inagula mu 2022, satsegula chip. Wailesi ikafa amamasula bokosi lonse, n'kulitsitsa ndi chingwe, n'kukweza lina. Ntchito yawo ndi yoopsa ndipo imafuna mutu, pakuti ayenera kusiyanitsa wailesi yakufa ndi chingwe cholowa madzi kapena mafunde osokoneza ochokera kwina. Bokosi likamagwirabe ntchito padzuwa la Okutobala ku Nsanje, ndi chifukwa cha munthu uja amene analiyeza pa madigiri 85.

Chimandiwawa n'chakuti ana athu ambiri okhoza masamu sadziwa kuti ntchito yotere iliko. Ophunzira zamagetsi ndi zamatelefoni ku MUBAS amakumana ndi mixer m'buku, koma kuigwira ndi manja n'kumene kumapanga mmisiri. Poyambira sipafuna fakitale. Wailesi yakale ya mabatire imene ili pakona kwa agogo ili ndi mixer m'kati, yotsitsa mafunde a FM kufika pa 10.7 MHz ndi a AM kufika pafupifupi pa 455 kHz. Makolo ndi aphunzitsi, wailesi imeneyo ikafa musaitaye kudzala. Mupatseni mwana wokonda kumasula zinthu, mumupatsenso mita yoyezera magetsi, ndipo mumuuze dzina la kachipangizo kamene akukafunafuna.