Chithunzi cha Ubongo Chikayera, Si Kuti Munthu Ali Bwino

Mphunzitsi wina, mayi wa ana awiri, anabwera kudzandiona atanyamula envulopu yaikulu ya kuchipatala. Chidwalireni COVID-19, mphamvu sizinabwerere. Akaimirira pabolodi kwa mphindi zochepa, m'maso munkachita mdima, mawu n'kumawathawa. Akadzikakamiza lero, mawa ndi mkuja ali chigonere. Anawajambula ubongo ndi makina a MRI n'kuwauza kuti zonse zili bwino, n'maganizo chabe. Kunyumba anali atagamula kale kuti ndi ulesi.

Chigamulo chakuti chithunzi chikayera ndiye kuti munthu sakudwala chimandiwawa, chifukwa chimachoka kwa ife madokotala. MRI ya masiku onse imaonetsa mmene ubongo waumbikira, ngati muli chotupa, chipsera cha sitiroko kapena magazi otayika. Ili ngati chithunzi cha paipi: chimaonetsa kuti sinabooke, koma sichinena ngati madzi akufika pampopi. Komanso wodwala amajambulidwa atagona chagada, pomwe ambiri odwala matenda otopetsa kosatha, otchedwa ME/CFS, vuto lawo limakula akaimirira, monga zinkachitikira mphunzitsi uja.

Ubongo ndi 2 peresenti yokha ya kulemera kwa thupi, koma umalandira pafupifupi 15 peresenti ya magazi amene mtima umapopa. Munthu akaimirira, magazi amatsikira kumiyendo ndi m'mimba, ndipo mitsempha imafinyika kuti iwabweze kumtunda. Zimenezi zikamalephereka timati orthostatic intolerance, kutanthauza kuti thupi silipirira kukhala chilili.

Mu 2020, Linda van Campen ndi Frans Visser a ku Netherlands, pamodzi ndi Peter Rowe wa ku Johns Hopkins, anafalitsa zimene anapeza mwa odwala ME/CFS 429 ndi anthu athanzi 44. Aliyense anamugoneka pabedi lopendekeka n'kumudzutsa pafupifupi chilili, uku akuyeza magazi odutsa m'mitsempha ya m'khosi ndi makina a Doppler. Mwa athanzi, magazi opita kuubongo anachepa ndi 7 peresenti. Mwa odwala anachepa ndi 26 peresenti. Chondigwira mtima n'chakuti ngakhale odwala amene BP ndi kugunda kwa mtima wawo zinaoneka bwinobwino, magazi anatsika ndi 24 peresenti. Makina a BP sakanaulula kanthu.

Kukayikira odwalawa n'kwakale. Ogwira ntchito pafupifupi 300 a pachipatala cha Royal Free ku London atadwala matenda onga amenewa mu 1955, madokotala awiri a zamaganizo anadzalemba mu 1970 kuti anangopatsirana mantha. Pamenepo n'kuti bungwe la WHO litaika kale matendawa m'gulu la matenda a ubongo ndi minyewa mu 1969.

Chithunzi chotsimikizira ME/CFS pachokha sichinapezeke, choncho musagulitse mbuzi kuti mukajambulitse mutu. Yambani mwayezetsa kuchepa kwa magazi, shuga, chithokomiro, HIV ndi TB, poti kutopa kumachokera kwambiri kumeneko. Zikayera, pemphani akuyezeni kugunda kwa mtima mutagona, kenako mutaimirira mphindi 10. Kwa munthu wamkulu, kukakwera ndi 30 pa mphindi kapena kuposa, dokotala aganizire za vuto lotchedwa POTS. Madzi ambiri ndi mchere zimathandiza ena, koma a BP yokwera kapena vuto la impso asayese popanda dokotala. Kudzikakamiza majowajowa nako n'koopsa: mu 2021 bungwe la NICE la ku Britain linachotsa pa malangizo ake chithandizo chowonjezera masewera olimbitsa thupi pang'onopang'ono, odwala ambiri atadandaula kuti chinkawagwetsanso pamphasa.