Poti, sopo ndi chivundikiro: kukonzera mwana malo odzithandizira

Mwana wa zaka ziwiri akamakana kulowa m'chimbudzi chokumba, si mwano ayi. M'katimo muli mdima ndi ntchentche, ndipo bowo limene wamkulu amanjutapo bwinobwino, kwa iye ndi lalikulu moti mwendo wonse ukhoza kulowa. Zimbudzi zathu zambiri, kumudzi ngakhalenso m'nyumba za lendi ku Ndirande kapena ku Mtandire, anazimangira akuluakulu. Choncho kholo lofuna kusiyitsa mwana thewera liyambe lakonza malo, lisanayambe kulimbana ndi mwanayo.

Ana ambiri amakhala okonzeka pakati pa chaka ndi theka ndi zaka zitatu. Mumadziwira apa: thewera limakhala louma kwa maola awiri, mwana amabisala kuseri kwa chitseko akafuna kubiba, amatha kutsitsa yekha kabudula, ndipo amanena kuti "bibi". Agogo athu ankayamba msanga kwambiri, kumukhazika khanda pamapazi pawo atangadza pang'ono miyendo. Njirayo ilibe vuto, koma amene ankadziwa nthawi anali agogowo, osati khandalo.

Chofunika choyamba ndi poti wapulasitiki wosagwedera, wamfupi moti mwana akakhala mapazi onse aponde pansi. Nkhani ya mapaziyi anthu amaipeputsa. Mawondo akakwera pang'ono kuposa chiuno, minofu yotseka njira ya chimbudzi imamasuka ndipo mwana sadzikakamiza. Amene muli ndi chimbudzi chamadzi, gulani kampando kochepetsa bowo ndipo muike kabenchi kopondapo, chifukwa mwana amene miyendo yake ikulendewera amaopa kugwera m'kati, n'kuyamba kusunga chimbudzi. Chikakhalitsa m'mimba chimauma, potuluka chimapweteka, ndipo mawa lake amakananso. Kudzimbidwa kwa ana ambiri a msinkhu uwu kumayambira pamenepa.

Potiyo akhale pamalo amodzi owala, pafupi, chifukwa mwana akati "ndikufuna" ndiye kuti zafika kale. Muzimukhazikapo akangodzuka ndiponso akamaliza phala kapena nsima, chifukwa chakudya chikafika m'mimba matumbo amayamba kukankha zakale. Mphindi zitatu kapena zisanu zakwana. Palibe chatuluka? Adzuke akasewere. Chibuluku cha mabatani ndi lamba chiyambe chapuma, kuti mwana asamachedwe kuvula.

Tsono gawo limene limadwalitsa mabanja ndi ili: za m'potizo zikupita kuti? Ambiri timakhulupirira kuti chimbudzi cha mwana chilibe matenda, ndiye amachikhuthulira kudzala, m'ngalande kapena kuseri kwa bafa, pomwe nkhuku zimapalasa ndipo makanda amakwawa. Zoona zake n'zakuti ana aang'ono ndi amene amatsegula m'mimba kawirikawiri, motero chimbudzi chawo chimadzaza ndi tizilombo ndi mazira a njoka zam'mimba. Katemera wa rotavirus, amene anayamba kuperekedwa kusikelo m'Malawi mu 2012, amateteza ku mtundu umodzi wokha wa tizilombo totsegulitsa m'mimba. Kolera amene anayambira ku Machinga mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno anayenda njira yomweyi, kuchoka m'chimbudzi cha munthu kukafika m'madzi ndi m'chakudya. Mwana akhoza kukhala ndi tizilombo totere osaoneka wodwala.

Choncho za m'poti zikhuthulidwe m'dzenje nthawi yomweyo, pamodzi ndi madzi otsukira potiyo, kenako vundikirani pabowo. Poti akhale ndi kaburashi kake, atsukidwe ndi sopo kapena madzi a kolorini, ndipo asayandikire thandala la mbale kapena mjigo. Mwana akachitira pabwalo, wolani ndi khasu pamodzi ndi dothi la pansi pake mukataye kuchimbudzi. Matewera ogula aja ndi mutu wina: m'chimbudzi chamadzi amatseka mapaipi, m'chokumba sawola ndipo amadzaza dzenje msanga. Pabwalo la lendi lokhala ndi mabanja asanu, mkangano wake mukuudziwa.

Posambira m'manja pakhale pa msinkhu wa mwana. Mpondagiya wa kachigubu ka malita asanu, womangidwa mmunsi ndi sopo wapachingwe, ana amaukonda chifukwa amauona ngati choseweretsa. Asambe m'manja ndi onse awiri, mwana ndi womupukuta. Mwana wamkazi apukutidwe kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kuti tizilombo tisalowe m'njira ya mkodzo.

Musasiye ndowa kapena beseni la madzi losavundikira kubafa. Mwana wa msinkhu uwu mutu wake ndi wolemera. Akasuzumira amagwera chamutu, sangathe kudzitulutsa, ndipo madzi ochepa chabe amamumiza popanda phokoso. Kolorini ndi mankhwala otsukira zikhale pamwamba, osati m'mabotolo a zakumwa.

Usiku ndi nkhani ina. Thupi limachedwa kuphunzira kuchepetsa mkodzo munthu ali m'tulo ndiponso kumudzutsa chikhodzodzo chikadzaza, ndiye kukodza pogona mpaka zaka zisanu si chachilendo, ndipo mkwapulo kapena kumuimbira nyimbo zomunyoza sizifulumizitsa kanthu. Yalani pulasitiki pansi pa chofunda, akodze asanagone, poti akhale pafupi ndi mphasa. Koma mwana amene anasiya kale akayambiranso kudzikodzera, akamalira pokodza, akamamva ludzu losatha kapena chimbudzi chake chikakhala ndi magazi, mutengereni kuchipatala msanga.