Sewero la Izeki ndi Jakobo lathera panjira, wadula ndani?

Loweruka lina ndinalowa m'kashopu kobenera nyimbo ndi mafilimu pa Nachisaka ku Dowa, kufuna masewero a Izeki ndi Jakobo oti ndikaonere limodzi ndi agogo kumudzi. Mnyamata wa pakompyuta sanachedwe. Anandipatsa DVD m'kajumbo, chikuto chake chofotokopa, nkhope za akatswiriwo zitazilala ngati pepalalo linagona pamvula. Pamwamba analemba ndi bolopeni mawu amodzi okha: "Zonse".

Madzulo titayatsa TV ya sola, sewero loyamba linayambira pakati, Jakobo akukalipa kale koma chimene Izeki walakwa osachiona. Lachiwiri linaduka nkhani itangofika pokoma.

"Iwe mdzukulu wanga, ndiye kuti yatha choncho?" anafunsa agogo. Ndinasowa chowayankha.

Zifukwa zodulira si zachilendo ayi. DVD wamba imalowa zinthu zokwana 4.7GB basi, ndiye wobena akafuna kuthithikizamo masewero khumi, amafinya zithunzi mpaka kuoneka mbuu, kenako n'kudula koyambirira ndi kothera. Pafoni ndiye zimanyanya. Bando ndi yodula, memore khadi yadzaza, choncho pa WhatsApp ndi TikTok timangotumizirana kachidutswa kamene anthu anaseka kwambiri. Komatu nthabwala za awiriwa zimapsa pang'onopang'ono ngati nyemba. Ukachotsa poyambira, chotsala ndi phokoso chabe. Ndipo choyamba kutayidwa ndi mayina: amene analemba, amene anajambula, ndi chaka chimene seweroli linapangidwa.

Musaganize kuti ndi za kuno kokha. Mr. Bean wa Rowan Atkinson, amene tinakula tikumuonera m'mavidiyo sho, ali ndi magawo 15 okha, omwe anayamba kuoneka pa ITV ku Britain mu 1990. Mu 2003 kampani ya A&E inatulutsa ma DVD ake ku America ndi dzina loti The Whole Bean, kutanthauza Bean yense wathunthu. Koma ogula anapeza kuti malo ena palibe, monga pamene Bean amapata nkhukundembo ya Khirisimasi pa mpikisano wolosera kulemera kwake. Mu 2015 kampani ina, Shout! Factory, inatulutsanso maseweroWA n'kuikamo zidutswa zosowazo. Zinatheka chifukwa panali amene anasunga matepi oyambirira.

Apa ndiye pali nkhawa yathu. John Nyanga, Izeki uja, anatisiya mu 2016. Eric Mabedi, Jakobo, anamutsatira mu 2021. Sadzakweranso pasiteji kuti abwereze zimene zadulidwa. Magawo akale a Tikuferanji, amene a Michael Usi anatchuka nawo ngati Manganya pa TVM, nawonso ambiri timangowaona ngati tizidutswa pa Facebook. Mwana wobadwa lero ku Nachisaka kapena ku Ntchisi adzakula akuyesa kuti kachidutswa ka mphindi ziwiri ndiye sewero lonse.

Chikuto nacho si chokongoletsera chabe. Chikuto chabwino chimakuuza mitu ya masewero, chaka, mayina a osewera, kutalika kwa sewero lililonse, komanso ngati pena padulidwa. Pa chimbale chenicheni pamakhalanso kachidindo konyezimira ka bungwe la Cosoma, kosonyeza kuti si chobera. Cha m'kajumbo chija, amasiye a Izeki ndi Jakobo sapezapo ngakhale tambala.

Amene akusunga matepi oyambirira, kaya ndi nyumba zoulutsira mawu, magulu a zisudzo kapena mabanja, atithandize: atulutse masewerowa athunthu, olembedwa bwino, pamtengo woti wachinyamata n'kukwanitsa.

Ifenso tili ndi mbali yathu. Musanalipire kobenera, muuzeni akuonetseni poyambira ndi pothera. Mukamaponya pa intaneti, mayina aja asiyeni, musadule. Ine DVD ija ndinakabweza Lolemba lake, koma agogo mpaka lero akufunsabe kuti Izeki analakwa chiyani.