Maselo, Majini ndi Khansa: Vuto la Mawu Pakati pa Namwino ndi Wodwala m'Mafamu a ku Mashonaland

1. Mawu Oyamba

Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anthu ambiri a ku Nyasaland ndi ku Tete adapita ku Southern Rhodesia kukagwira ntchito m'mafamu a fodya ndi chimanga. Ena adatengedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito lomwe lidakhazikitsidwa mu 1946, lotchedwa Mthandizi. Zidzukulu zawo zikadalipo m'madera a Karoi, Banket, Mvurwi ndi Marondera, ngakhale mafamu ambiri adagawidwa kuyambira mu 2000. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amatchula Chicheŵa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka.

Kawirikawiri namwino wa kumaderawa adaphunzira m'Chingerezi ndipo kwawo amalankhula Chishona, pamene wodwala wachikulire amamvetsa bwino m'Chicheŵa. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti pofotokoza khansa, maina obwereka amasokeretsa, koma mneni wa Chicheŵa amanena zoona zake.

2. Zimene Zimachitika m'Thupi

Thupi lidapangidwa ndi tizigawo tamoyo miyandamiyanda tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Robert Hooke ndiye adatcha dzinali mu 1665, poona tizipinda ting'onoting'ono m'khungwa la mtengo. Pakati pa selo pali makromozomu 46: 23 ochokera kwa mayi, 23 kwa bambo. M'menemo muli malangizo olembedwa mu DNA, ouza selo nthawi yogawikana, yoleka kugawikana ndi yakufa.

Selo lisanagawikane limakopera malangizo onsewo, ndipo nthawi zina pamakhala cholakwa. Zolakwa zambiri zimakonzedwa. Zikakanika kukonzeka, puloteni yotchedwa p53 imaimitsa selolo kapena kulichititsa kuti life. Koma zolakwa zikaunjikana pa malangizo oletsa kugawikana, selo limangoberekana osaleka, n'kupanga chotupa. Chotupacho chikayamba kulowerera minofu yoyandikana nayo ndi kufalikira kwina kudzera m'mitsempha, ndiye khansa.

Titenge khansa ya khomo la chiberekero, imene imaposa khansa zina zonse pakati pa amayi a ku Zimbabwe ndi ku Malaŵi. Mu 1983 ndi 1984, Harald zur Hausen ndi anzake ku Germany adapeza mitundu iwiri ya kachilombo ka HPV, wa 16 ndi wa 18, imene imayambitsa pafupifupi 70 mwa khansa 100 zilizonse zamtunduwu. Kachilomboka kamapanga mapuloteni awiri, E6 ndi E7, amene amafooketsa zoletsa za m'selo, kuphatikizapo p53. Mwa anthu ambiri thupi limakachotsa lokha pasanathe zaka ziwiri. Kakakhalitsa, khansa imadza patapita zaka 15 mpaka 20, ndipo msanga kuposa apo mwa mayi amene chitetezo chake chafooka ndi HIV.

3. Maina Anayi Osokeretsa

Dzina loti selo lilibe vuto: lidalowa m'gulu la Li-Ma (selo ili, maselo awa). Vuto lili pa maina anayi awa.

Loyamba ndi majini. Olemba ena amaligwiritsa ntchito potanthauza malangizo a m'selo, potsata kamvekedwe ka Chingerezi. Koma m'Chicheŵa muli kale majini, ndiyo mizimu yovutitsa, dzina lochokera ku Chiarabu kudzera m'Chiswahili, lodziwikanso kwa Ayao omwe adakhala pamodzi ndi Acheŵa m'makomboni. Namwino akati “majini anu asokonekera”, mayi wamva kuti nthendayi si ya kuchipatala, ndipo apita kwa asing'anga.

Lachiwiri ndi nthenda yakumtundu. Khansa imayamba ndi malangizo olakwika, komabe zimene munthu amachita kubadwa nazo ndi 5 mpaka 10 zokha mwa 100. Zotsalazo zimadza m'moyo wa munthu mwini, chifukwa cha utsi wa fodya, chuku cha m'chimanga ndi mtedza wosauma bwino, tizilombo, kapena ukalamba. Pakati pa Acheŵa, kumene mtundu umatsata kuchikazi, mawu oti “yakumtundu” amaika chitonzo pa mbumba yonse.

Lachitatu ndi kachilombo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, munthu akangoti “ali ndi kachilombo” anthu amamva HIV. Ndiponso wodwala angaganize kuti khansayo ndi yopatsirana, pamene chopatsirana ndi HPV, osati chotupa.

Lachinayi ndi la Chishona, gomarara, lomwe ndi dzinanso la chomera chomera pa nthambi za mtengo wina n'kumauyamwa. Fanizoli limagwira bwino kuwonda kwa wodwala, koma limaonetsa khansa ngati mlendo wochokera kunja, chikhalirecho ndi maselo a mwini thupi.

4. Thandizo la Mneni

Taonani ziganizo izi:

(1) Malangizo a m'selo awonongedwa.
(2) Malangizo a m'selo awonongeka.

Chiganizo (1) chili mumsintho wochitidwa, ndipo chimalola kuwonjezera wochita: “awonongedwa ndi uje”. Womva amafunsa kuti, “Ndi yani?” Funso limeneli lingathere pa kuloza mnansi ufiti. Chiganizo (2) chili mumsintho wochitika, umene sulandira wochita. Sitinena kuti “mbale yasweka ndi mwana” pofuna kunena amene waiswa. Kotero -ek- akunena chimene sayansi ikunena: chinthu chachitika popanda wochikonzera chiwembu. Aneni onga kugawikana, kuunjikana ndi kufalikira amagwira ntchito yomweyo.

Motero namwino anganene kuti: “Amayi, thupi lili ndi tizigawo tomwe timaberekana ndi kuleka pa nthawi yake. Pa khomo la chiberekero chanu, tina tayamba kusinthika. Sitinasanduke khansa, ndipo tikatichotsa tsopano mukhala bwino. Palibe wakuchitani chipongwe.”

5. Mawu Omaliza

Zipangizo zilipo. M'zipatala za ku Zimbabwe amapima khomo la chiberekero polipaka viniga, ndipo malo osinthika amayera. Katemera wa HPV adayesedwa ku Marondera ndi ku Beitbridge mu 2014, nafikira dziko lonse mu 2018. Ku Malaŵi adafalitsidwa mu 2019. Koma mayi amene wamva “majini” sabweranso, ndipo zaka zimene nthenda ikadapewedwa zimangopita. Tikupempha kuti olemba mabuku a anamwino aleke dzinali nagwiritse ntchito “malangizo a m'selo”, ndiponso kuti mawu alionse atsopano ayambe ayesedwa m'makutu a odwala eni ake asanasindikizidwe.