Phiri Lounjikidwa ndi Anthu ku Wales

Mlendo wocoka ku Cardiff pa sitima kulinga kumpoto amalowa m'zigwa zopapatiza za dziko la Wales. Nyumba zandanda mophatikizana, ndipo nkhosa zirikudya pa mapiri obiriwira. Koma kale mapiri ena kumeneko sanali olengedwa ndi Mulungu. Inali miulu ya zotaya za m'migodi ya malasha, yakuda monga mulu uja wa pa Nkana ku Kitwe.

Mulu wina, pamwamba pa mudzi wa Aberfan, unaunjikidwa pa akasupe. Pa 21 October 1966, mvula itagwa masiku ambiri, muluwo unasanduka thope nugumukira pa sukulu ya Pantglas, ana atangolowa kumene. Anafa anthu 144, ndipo mwa iwo 116 anali ana. Amuna anatuluka mu mgodi nakumba ndi mafosholo kufunafuna ana ao.

Pambuyo pace miulu ya pa Aberfan inacotsedwa, ndipo mgodiwo unatsekedwa m'caka ca 1989. Pamene panali sukulu tsopano pali munda wa cikumbutso. Mlendo wodziwa nchito ya mgodi amacokapo atazindikira kuti ngozi siikhala pansi pokha. Imafika ndi kumene mmisiri wasiya banja lace.