Njere za Msangu Zinadzuka ndi Chowengera Zikhadabo

Chaka choyamba nazale yathu ya ku Golomoti inali yomvetsa chisoni. Tinadzaza machubu ndi dothi lakuda losakaniza ndi mchenga ndi manyowa, n'kufesamo njere za msangu mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. M'mawa ndi madzulo tinkatuta madzi ku mjigo, amayi ndowa pamutu, ife zigubu panjinga. Sabata zitatu zinatha, yachinayi inatha. Mbande zomwe zinatuluka unkatha kuziwerenga ndi zala. Tsiku lina ndinafukula chubu chimodzi kuti ndione ngati njere yawola. Ayi ndithu, inali yonyezimira, youma gwa, monga momwe ndinaikwiririra. Madzi onse aja inkangowakana.

Zinandiwawa chifukwa msangu si mtengo wamba. Mitengo ina ikamavala masamba m'dzinja, iwo umayoyola ake, choncho chimanga cha pansi pake chimapeza dzuwa ndi chonde nthawi imodzi. Aliyense wodutsa m'minda ya kuno kapena ya ku Salima anaonapo momwe chimanga chimabiriwira kuzungulira tsinde la msangu.

Amene anatitsegula maso ndi amalume, munthu wa ng'ombe. Anandikokera kuseri kwa khola lawo nati, "Mphwanga, tawerama uone amene akufesa bwino kuposa inu." Pandowe zakale panali timisangu tambirimbiri, tobiriwira, popanda wotithirira! Ng'ombe zimadya makoko a msangu m'chilimwe, njere n'kudutsa m'mimba, khungu lake lolimba lija n'kufewa. Mlangizi wa za nkhalango atabwera anavomereza: njereyo ndi yamoyo, koma khungu lake sililola madzi kulowa. Ntchito yathu ndi kuwatsegulira khomo.

Chaka chotsatira tinayamba ndi mtondo. Tinasinja makoko ouma, n'kupeta ndi lichero. Njere zobooledwa ndi tizilombo tinataya, pamodzi ndi zonse zoyandama titaziviika m'madzi. Kenaka tinakhala pamphasa pansi pa mtengo wa mango, aliyense ndi chowengera zikhadabo chake. Apa m'pofunika dzanja lofatsa. Njere ili ndi kachipsera kumapeto kumodzi, komwe inalumikizana ndi khoko. Kumeneko n'komwe kumatulukira muzu, ndiye usakukhudze. Umadula kumapeto kwinako, kachidutswa kakang'ono kwambiri, kongoti zoyera zam'kati zisuzumire. Ukadula mozama wapha mtengo usanabadwe. Agogo ena omwe manja awo amanjenjemera ankangokhutiza njere pamwala wokhakhala, ndipo zawo zinachita bwino chimodzimodzi.

Tinaziviika usiku wonse m'madzi ozizira. M'mawa ndinavundukula ndowa ndipo ndinafuula ngati mwana. Njere zija zinali zitatupa, zonenepa, zofewa, zosazindikirika! Tinafesa tsiku lomwelo, osazamitsa, kungolowetsa nsonga ya chala.

Sabata isanathe, mayi wina wa m'gulu lathu anabwera akuthamanga, kheni ali nayo m'manja. "Abambo, tiyeni mukaone, nazale yaphulika!" Ndinapita wopanda nsapato. Mzere ndi mzere dothi linali litang'ambika, timitu tobiriwira titatukula dothi ngati tanyamula katundu. Malo omwe chaka chatha tinkasakasaka mbande, tsopano tinkasakasaka chubu chopanda kanthu. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu, ndipo ana a sukulu anapatuka kudzaona chomwe chachitika.

Si njere iliyonse yofuna kudulidwa, ndipo izi ndimazinena kwa aliyense wobwera kudzaphunzira. Mbawa imangofuna kufesedwa ikadali yatsopano, chifukwa ikakhalitsa imafa. Koma mthethe uli ngati msangu, nawonso ndi wouma khungu.

Msangu uli ndi khalidwe linanso: muzu wake umathamangira pansi msanga, ndipo sukondwa kudulidwa. Choncho machubu tinawasanja pathandala, kuti muzu ukatulukira kunsi ukumane ndi mphepo n'kuima wokha. Kufesa nako tinakuchedwetsa, kuti mbande zisakhalitse m'machubu mvula isanakhazikike.

Nyengo yodzala mitengo itatsegulidwa pa 15 Disembala, tinanyamula mbande m'madengu kupita nazo kuminda, n'kuzidzala motalikirana mamita 10. Amalume anatenga dengu lawo lodzaza, nalikweza pangolo, ng'ombe zomwe zija zikukoka.