Kuyesa Mphamvu za Makina Tsiku la Khamu Lisanafike

Omvera a ku Ntaja, Nsanama, Ulongwe ndi Phalula akukumbukira nyengo yogula feteleza ya 2020. M'chaka chimenecho Boma linayambitsa ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo yotchedwa AIP, ndipo thumba la makilogalamu 50 linali pa K4,495. Makuponi anatha ntchito. Mlimi ankangopereka chiphaso cha unzika, wogulitsa n'kuchijambula ndi foni. Koma m'misika yambiri m'dziko muno anthu anakhala pamzere kuyambira m'maŵa mpaka dzuŵa kuloŵa, ena kugona pomwepo, akuuzidwa kuti netiweki yavuta.

Mau ameneŵa amabisa zinthu ziŵiri. Nthaŵi zina vuto limakhala pa nsanja ya mafoni ya m'deralo. Nthaŵi zina nsanja ili bwinobwino, koma cholephera ndi kompyuta yaikulu ili kutali, imene mafoni onse akuifunsa nthaŵi imodzi. Nkhani ya lero ndi ya vuto lachiŵirili, ndi m'mene akatswiri amalipeŵera.

Kompyuta yaikuluyo amaitcha seva. Ntchito yake ili ngati ya kalaliki wa pa zenera: kulandira mafunso ndi kubweza mayankho. Kuseri kwake kuli kaundula wa maina onse, amene pa Chingerezi amati database. Wogulitsa wa ku Liwonde akajambula chiphaso, foni imatumiza nambala ku seva. Seva imafunsa kaundula ngati dzinalo lilimo, ndiponso ngati mwini wake anagula kale. Zikatheka, imalemba kuti wagula lero, n'kubweza yankho. Pa tsiku labata ulendo wonsewu sutenga nthaŵi.

Komatu kaundula ali ndi makomo oŵerengeka. Mwachitsanzo, tiyerekeze kuti makomo alipo 50, ndipo funso lililonse likutenga theka la sekondi. Ndiye kuti makinawo angayankhe mafunso 100 pa sekondi. Mafunso 300 akamafika pa sekondi iliyonse, 200 amatsala akudikira, ndipo pakutha pa mphindi imodzi mzere wafika pa 12,000. Wogulitsa akaona kuti yankho likuchedwa amajambulanso chiphaso chomwecho, anzake m'dziko lonse akuchita chimodzimodzi, motero katundu amaŵirikiza. Apa makina saonongeka kanthu. Amangolemedwa mpaka kuleka kuyankha.

Kulemedwa kotere kungaoneke patali. M'zaka zomaliza za makuponi opindula anali pafupifupi 900,000, pamene mu 2020 mabanja anaposa 3 miliyoni, onse ofuna feteleza m'masabata ochepa mvula isanakhazikike. Ngakhale maiko olemera anapunthwapo pamenepa. Pa 1 Okutobala 2013 dziko la America linatsegula malo a pa intaneti otchedwa HealthCare.gov, olembetserapo inshuwalansi ya chipatala. Anthu anakhamukirako, makina analemedwa, ndipo tsiku loyamba amene anamaliza kulembetsa anali 6 okha.

Mankhwala ake ndi kuyesa makina poŵasenzetsa katundu tsiku lenileni lisanafike. Omanga milatho amadziŵa nzeru imeneyi: mlatho waukulu usanatsegulidwe amaimikapo malole odzaza katundu, n'kuyesa m'mene wakhotera. Akatswiri a makompyuta nawonso ali ndi mapologalamu, monga Apache JMeter, amene amadziyerekeza kukhala anthu zikwi zambiri ofunsa nthaŵi imodzi. Amayamba ndi ofunsa 100, kenaka 500, kenaka 1,000, kumangoonjeza, uku akulemba zinthu zitatu: nthaŵi imene yankho likutenga, mafunso oyankhidwa pa sekondi, ndi mafunso amene alephera. Cholinga ndi kupeza pamene makina akugonja, kuti agonje m'chipinda choyeseramo, osati pamaso pa mai amene wayenda kuchokera ku Nayuchi ndi mwana kumsana.

Mayeso oona ali ndi malamulo ake. Loyamba, kaundula woyeserayo akhale wamkulu ngati weniweni, chifukwa kufufuza dzina pakati pa maina 1,000 n'kosiyana ndi kulifufuza pakati pa mamiliyoni. Lachiŵiri, ofunsa oyerekezawo azilembanso m'kaundula, osangoŵerenga, pakuti kulemba ndiko kumachedwetsa: pamene mzere wa dzina lina ukulembedwa, wina aliyense wofuna kulembamonso amadikira. Lachitatu, mayeso akhale a maola ambiri, popeza zilema zina zimaoneka makina atagwira ntchito nthaŵi yaitali. Lachinai, aganizire mafoni a kumadera kumene netiweki ndi yofooka, amene amagwira khomo nthaŵi yaitali asanamalize.

Kaŵirikaŵiri pothina pamapezeka pa kaundula, osati pa seva. Akapapeza amakonza m'njira zingapo. Amaika mlozera wa manambala kuti makina asamayambe kufufuza pa dzina loyamba nthaŵi zonse. Mayankho ofunsidwa mobwerezabwereza amaŵasunga pafupi. Amaonjeza maseva n'kugaŵa katundu pakati pao. Akatero amayesanso, chifukwa pothina pena pakamasuka pamaoneka pena.

Njira ina ili pa mtsinje wa Shire ku Liwonde, pamene zitseko za Kamuzu Barrage zakhala zikulamulira madzi kuyambira 1965. Zitsekozo zimalola madzi kudutsa mwa muyeso. Momwemonso, akatswiri akadziŵa mphamvu yeniyeni ya makina, oyendetsa ntchito angathe kugaŵa masiku, midzi iyi Lolemba, iyo Lachiŵiri, kuti khamu lifike mwa muyeso womwewo.

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Koma tsiku logula feteleza, tsiku lotulutsa zotsatira za mayeso a MANEB, ndi tsiku lolipira malipiro a mwezi, onseŵa amadziŵika kale. Kwa mlimi wa ku Balaka, kumene mvula imagwa yochepa ndipo sichedwa kutha, sabata imodzi yotayika pamzere imaoneka m'nkhokwe. Choncho makhansala, mafumu ndi aphungu, akamauzidwa za makina atsopano otumikira anthu, ali ndi mafunso aŵiri oyenera kufunsa: kodi makinaŵa anayesedwa ndi anthu angati nthaŵi imodzi, ndipo anagonja atafika pa angati?